Zomwe ndinaona pa tebulo la ochonga mayeso

Ophunzira ambiri a m'makalasi omaliza a sekondale amalowa m'chipinda cha mayeso asakudziwa zomwe zimachitikira pepala lawo akangolipereka. Makolo nawonso chimodzimodzi. Chomwe amadziwa n'chakuti mwana walemba, papita miyezi, zotsatira zatuluka, wina wakhoza, wina walakwa. Ine ndimaphunzitsa masamu ndi bayoloje, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuitanidwa kukachonga nawo masamu pa mayeso omalizira sekondale. Chiyambire ntchito imeneyi, kaphunzitsidwe kanga kanasintha, ndipo zomwe ndimauza ana a m'kalasi mwanga ndaona kuti ndiuzekonso ena.

Tsiku loyamba palibe amene amakhudza pepala la mwana. Ochonga tonse timakhala pansi n'kuyankha mafunso omwewo amene ana anayankha, aliyense payekha. Tikamaliza, mkulu wa ochonga amatigawira chikalata cha mayankho, chomwe timangochitchula kuti marking scheme, ndipo apa mpomwe pamabuka mikangano. Wina amati njira yakutiyakuti nayonso ndi yolondola, iwonjezeredwe. Wina amati funso lachisanu linafunsidwa mozungulira, ana ena alimva mwina. Timakoka nkhani mpaka tigwirizane chimodzi, ndipo tikagwirizana zatha, aliyense amachonga motsatira chikalatacho, kaya chamukomera kaya ayi. Kenako amatipatsa mapepala angapo ofanana, ojambulidwa pa makina, kuti tonse tiwachonge n'kufananiza malikisi. Ukasiyana kwambiri ndi anzako, mkulu wa gulu lako amakuitanira pambali n'kukuonetsa pomwe wawolowa manja mopitirira kapena pomwe waumira. Ngakhale ntchito itafika pakati, amatolabe mapepala ena pa mulu wako n'kuwachonganso, osakuuza kuti atenga ati.

Mwini pepala lomwe lili patsogolo panga sindimudziwa. Sindidziwa kuti ndi iye amene amakweza mkono koyambirira m'kalasi, kapena kuti sabata ya mayeso anali ndi malungo. M'mabungwe ena a mayeso masiku ano mapepala amaikidwa pa kompyuta, wochonga mmodzi n'kumalandira funso limodzi lokha la ana mazanamazana, mbali zina za pepalalo osaziona n'komwe. Aphunzitsi anu a kusukulu akhoza kunena kuti, "Apa mwanayu amafuna kunena zakuti," chifukwa amakudziwani. Ife sitiloledwa kulota. Timachonga zomwe zalembedwa, ndipo zomwe zinatsalira m'mutu zimatsala komweko.

Tiyerekeze funso la malikisi atatu: pezani area ya circle yomwe radius yake ndi 7 cm. Chikalata chathu chimagawa malikisiwo motere: imodzi ya fomula, imodzi yoika manambala m'malo mwake, 22/7 × 7 × 7, ndipo yomaliza ya yankho, 154 cm². Ana awiri alakwitsa mofanana, onse alemba 145 chifukwa cha phuma. Woyamba anawerengera pa kapepala kena, kapena m'mutu, n'kungolemba 145 yekhayo. Ameneyo ndimamupatsa 0, chifukwa palibe chondionetsa kuti njira amaidziwa. Wachiwiri analemba fomula, n'kuika manambala, n'kudzapunthwa pomaliza penipeni. Ameneyo amatenga malikisi awiri pa atatu. Mbali yachiwiri ya funsolo ikati pezani volume ya cylinder yotalika 10 cm pogwiritsa ntchito yankho lija, wachiwiriyu akalemba 145 × 10 = 1,450, kawirikawiri timamupatsabe malikisi a njira, popeza sitilanga munthu kawiri pa cholakwa chimodzi. Tsono muwerengere kuti pepala lonse lili ndi mafunso angati otere. Ana awiri anzeru zofanana amatha kusiyana ndi giredi yathunthu chifukwa cha chizolowezi chokhachi cholemba njira.

Palinso tizinthu tina tomwe ndimationa chaka ndi chaka. Mwana walemba yankho lolondola, mantha amugwira, walifufuta mpaka pepala kung'ambika, osalembapo lina. Akanangodula ndi mzere umodzi woonda, pa malamulo omwe ine ndachongerapo tikanawerengabe ntchito yodulidwayo, malinga ngati sanaike ina m'malo mwake. Wina amalemba mayankho awiri osiyana kuti wochonga asankhe yekha lomwe lamusangalatsa. Sitisankha. Wina amaiwala kulemba nambala ya funso, wina amasiya cm², wina amayankha mafunso asanu pomwe auzidwa kuti asankhe atatu, n'kutaya nthawi pa awiri omwe sadzawerengedwa.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ndi mapepala omwe masamba oyambirira ndi okongola, zolemba zaudongo, mizere yojambulidwa ndi rula, koma masamba omalizira ali mbee. Mwana wotere sikuti samadziwa, nthawi ndiyo inamuthera. Pepala la malikisi 100 lolembedwa maola awiri limakupatsani mphindi imodzi ndi kachidutswa pa malikisi iliyonse. Funso la malikisi awiri likakudyerani mphindi khumi, mwaba nthawi ya funso lina lomwe mukanalikhoza mosavuta. Ndipo malikisi oyambirira a funso lililonse ndiwo osavuta kutola kuposa omalizira, choncho kuyamba mafunso onse kumapindulitsa kuposa kukongoletsa theka.

Bayoloje sindichonga ku bungwe, koma ndimachonga mayeso oyeserera a kusukulu, ndipo matenda ake ndi ena. Funso linati: fotokozani chifukwa chake selo lofiira la magazi limaphulika likaikidwa m'madzi opanda mchere. Mtsikana wina wolimbikira kwambiri analemba tsamba lathunthu la tanthauzo la osmosis, liwu ndi liwu monga zilili m'buku, popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Anapeza malikisi imodzi pa anayi. Anabwera misozi ili m'maso.

"Aphunzitsi, ndalakwitsa pati? Zonse ndalembazi zili m'notsi zomwe munatipatsa."

"Palibe chomwe walakwitsa, mwanawe. Koma tawerenganso funsolo. Akufunsa kuti osmosis n'chiyani?"

Anawerenga, n'kukhala chete. Chomwe chimafunika chinali mizere inayi yokha: kunja kwa selo kuli madzi ambiri poyerekeza ndi mkati, madziwo amalowa kudzera pa kachikopa ka selo, selo limafufuma, ndipo poti lilibe khoma lolimba longa la maselo a zomera, limaphulika. Mfundo iliyonse malikisi yake. Mawu oyamba a funso ndiwo amanena zomwe wochonga akudikira. Akati tchulani, dzina lokha lakwana, ndipo ndime yonse yomwe mungawonjezere ndi yaulere. Akati fotokozani chifukwa, payenera kuoneka "chifukwa" kapena "choncho" penapake m'yankho lanu. Akati fananizani, musalembe za chinthu chimodzi pamwamba ndi za chinzake pansi n'kusiyira wochonga kuti alumikize yekha.

Zimenezi sizichitika mwangozi. Okonza mayeso amayamba ndi silabasi, n'kugawa mafunso kuti mitu ikuluikulu ikhudzidwe, komanso kuti pakhale mafunso ongofuna kukumbukira, ena ofuna kumvetsa, ena ofuna kugwiritsa ntchito zomwe waphunzira pa chinthu chomwe sunachionepo. Kagawidwe kameneka kamatsamira kwambiri pa ntchito yomwe Benjamin Bloom ndi anzake anatulutsa ku America mu 1956, yomwe aphunzitsi ambiri timaiphunzira ku koleji. Woloweza amatola malikisi a gawo loyambalo, mwina n'kukhoza ndithu, koma magiredi apamwamba amabisala m'magawo enawo. N'chifukwa chake ndimauza wophunzira aliyense kuti akhale ndi silabasi yakeyake ya phunziro lililonse. Buku likhoza kukhala ndi mitu yomwe siili pa mayeso, n'kusowa ina yomwe ilipo, pomwe wokonza mayeso saloledwa kutuluka kunja kwa silabasi.

Ntchito yathu ochonga imathera pa malikisi. Giredi amaika ndi ena. M'mabungwe ambiri, akuluakulu amakumana mapepala atachongedwa kale, n'kuona momwe pepala la chaka chimenecho linalili kulimba poyerekeza ndi zaka zam'mbuyo, kenako n'kudula malire a magiredi. Ndiye mukatuluka m'chipinda cha mayeso mutu uli gwa chifukwa pepala linali lowawa, musataye mtima mpaka kuononga pepala la mawa. Ngati linakuwawani inu, ambiri linawawawanso, ndipo malire akhoza kutsika.

Muyeneranso kudziwa momwe magirediwo amaphatikizidwira kwanuko, chifukwa dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Pa MSCE ya ku Malawi, monganso pa mayeso a Giredi 12 ku Zambia, magiredi amayambira 1 mpaka 9, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Ku Malawi munthu akalakwa Chingerezi satenga satifiketi, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. Ku Ghana ndi ku Nigeria, pa WASSCE, mayeso awo omalizira sekondale, magiredi amayambira A1 mpaka F9. Pa International Baccalaureate, mayeso omwe amalembedwa m'masukulu ena a m'maiko osiyanasiyana, zimatembenuka: maphunziro asanu ndi limodzi, lililonse mapoyinti 1 mpaka 7, kuphatikizapo atatu apadera, pamwamba penipeni ndi 45. Ndaonapo mnyamata akuthera usiku wonse pa phunziro lomwe ankalikhoza kale bwino, chifukwa choti limamukomera, akuthawa phunziro lokakamiza lomwe linadzamugwetsa. Akanakhala pansi tsiku limodzi n'kuwerenga malamulo a satifiketi yomwe ankaifuna, akanagawa nthawi yake mwina.

Tsono mayeso omaliza si okhawo omwe wophunzira amayesedwa nawo. Pali timayeso ta m'kalasi, ntchito yokalembera kunyumba, mayeso a pakutha pa teremu, mayeso oyeserera. Kulemera kwake kumasiyana malinga ndi dziko. Ku South Africa, m'maphunziro ambiri a National Senior Certificate, satifiketi yawo yomalizira sekondale, 25 peresenti imachokera ku ntchito ya kusukulu ndipo 75 peresenti ku mayeso omaliza. Ku Ghana ntchito ya kusukulu imatenga 30 peresenti. Ku China, pa gaokao, mayeso olowera ku yunivesite, yomwe imayamba pa 7 June ndipo mu 2024 analembetsa ndi ophunzira oposa 13 miliyoni, mwayi wa yunivesite umatsamira pafupifupi wonse pa masiku owerengeka amenewo. Kumene malikisi a kusukulu amawerengedwa, samangolandiridwa ndi manja awiri. Ku South Africa komweko, pansi pa bungwe loyang'anira mayeso la Umalusi, malikisi a sukulu akatalikirana kwambiri ndi zomwe ana ake apeza pa mayeso omaliza, amawakoka kuti ayandikire. Choncho mphunzitsi womwaza malikisi ngati akufuna mavoti sakuthandiza mwana aliyense.

Bambo wina anabwera kusukulu atanyamula malipoti awiri a mwana wake. Tinapatsana moni, ndinawapatsa mpando, koma anakhala cham'mphepete ngati munthu wosafuna kuchedwa.

"Aphunzitsi, ndithandizeni kumvetsa. Teremu yatha mwanayu anapeza 78 masamu. Pa mayeso oyesererawa wapeza 41. Ndi mwana yemweyo, mphunzitsi ndinu nomwe. Chachitika n'chiyani?"

Ndinatulutsa mapepala onse awiri n'kuwayala pa tebulo. Loyamba linali ndi mitu itatu yomwe tinali titangophunzira kumene. Lachiwiri linali ndi silabasi yonse, kuphatikizapo za chaka chatha. Tinayenda funso ndi funso, ndipo zinaoneka poyera kuti mitu yatsopano ankaikhozabe, koma yakale inali itauluka.

"Ndiye kuti sawerenga? Ine ndimamuona ali pa mabuku mpaka usiku."

"Amawerenga, bambo. Koma tamufunsani kuti akamawerenga amatseka buku kangati."

Kuiwala si ulesi. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kalekale mu 1885 kuti zomwe munthu waphunzira zimatayika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, pokhapokha azibwereze patapita nthawi. Ndipo mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anachita kafukufuku yemwe ndimamufotokozera kalasi iliyonse. Ophunzira ena anawerenga nkhani mobwerezabwereza, ena anawerenga kenako n'kuyesa kulemba zomwe akukumbukira buku atatseka. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja anachita bwino. Atayesedwa patatha sabata, odziyesa aja ndiwo anapambana. Apa mpomwe pali msampha: kuwerenga notsi kachitatu kumakoma, chilichonse chimaoneka chodziwika, mtima umakhala m'malo. Kutseka buku n'kupeza kuti mutu uli mbee kumachititsa manyazi, ndiye ana amakuthawa. Mwana wa bambo aja tinagwirizana naye kuti tsiku lililonse aziyankha mafunso ochepa a mitu yakale asanatsegule notsi, ndipo kumapeto kwa sabata azilemba gawo la pepala la zaka zam'mbuyo wotchi ili patsogolo, n'kudzichonga yekha ndi chikalata cha mayankho. Kudzichonga kumeneku ndiko kunamutsegula maso, chifukwa anayamba kuona pepala lake ndi diso la wochonga.

Ena amati timayeso ta kusukulu n'topanda ntchito ngati kwanuko satiwerengera pa giredi yomaliza. Ophunzira a ku England a 2020 angakuuzeni zina. Chaka chimenecho mayeso anathetsedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo masukulu anauzidwa kuti apereke magiredi potengera ntchito yomwe ana anachita kale, kuphatikizapo mayeso oyeserera. Bungwe loyang'anira mayeso la Ofqual linadutsitsa magirediwo m'ndondomeko yake ya masamu, ndipo pafupifupi magiredi anayi pa khumi alionse a A-level, mayeso awo omalizira sekondale, anatsitsidwa. Anthu atadandaula kwambiri, pa 17 August, patangotha masiku anayi zotsatira zitatuluka, boma linabwerera ku magiredi a aphunzitsi. Ana omwe ankati adzalimbikira nthawi ikakwana anapezeka kuti nthawiyo inali itadutsa kale.

Mukandifunsa kuti njira yabwino ndi iti, pakati pa mayeso omaliza ndi ntchito ya kusukulu, ndinena kuti zonse ziwiri zili ndi zilema. Mayeso a tsiku limodzi amapweteka mwana wodwala, wamantha, kapena woferedwa sabata imeneyo, ndipo pali luso lambiri lomwe sangaliyeze pa maola awiri. Koma ntchito ya kusukulu nayo ndaiona ikubwera italembedwa ndi mkulu wake wa mwana, kapena itakoperedwa pa intaneti mpaka ndi zolakwika zomwe. Ndipo mphunzitsi ndi munthu, mwana waulemu amamukomera mtima mosazindikira. Pa tebulo la ochonga, mwana wa munthu wosauka ndi mwana wa bwana amafanana kwa kanthawi, ndipo chimenecho sindingafune kuti chitayike. Ndimakonda zosakaniza, bola ntchito ya kusukuluyo izilembedwa pamaso pa mphunzitsi.

Za likasa sindichulutsa mawu. Chaka chilichonse pamapezeka anthu ogulitsa mapepala pa WhatsApp akuti ndi mayeso enieni. Ndaonapo ana akuthera masiku omaliza akuloweza mayankho a mafunso omwe sanabwere. Ndipo ochonga timaona: mapepala khumi otsatizana akakhala ndi cholakwa chimodzimodzi pa mzere umodzimodzi, timawapatula n'kuwapereka kwa akuluakulu, ndipo zotsatira zimatha kuimitsidwa kapena kufafanizidwa, nthawi zina mpaka kukhudza ndi omwe sanabere.

Mayeso a mu labotale amafuna manja omwe anagwirapo zipangizo. Ngati sukulu yanu ili ndi zochepa, limbanani kuti aliyense agwireko, osamangoonerera mnzanu wolimba mtima akuthira yekha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Polemba zotsatira, lembani zomwe mwaona, ngakhale zitasiyana ndi za m'buku, chifukwa malikisi ambiri amakhala pa tebulo la zotsatira, mayunitsi, galafu ndi kufotokoza, ndipo manambala opeka amaonekera msanga.

Kwa makolo, ntchito ina ndi yanu ndipo imayamba mayeso akali kutali. Onetsetsani kuti dzina la mwana, tsiku lobadwa ndi maphunziro omwe walembetsa zalembedwa molondola pa fomu, popeza kukonza satifiketi itatuluka kale ndi chintchito. Ngati mwana ali ndi vuto la maso, makutu kapena manja, mabungwe a mayeso amakhala ndi thandizo monga mapepala a zilembo zikuluzikulu, a Braille kapena nthawi yowonjezera, koma pempho limadutsira kusukulu ndipo limafunika msanga. Mabungwe ambiri amatulutsanso malipoti a akuluakulu ochonga, ofotokoza funso ndi funso pomwe ana a chaka chimenecho anapunthwa. Afunseni aphunzitsi ngati ali nawo. Kawirikawiri amangokhala mu kabati, fumbi lili mbuu.

Zotsatira zikatuluka ndipo giredi ina yakudabwitsani, mabungwe ambiri amalola kupempha kuti pepala lionedwenso, mkati mwa masiku oikika komanso polipira. Ochonga ndife anthu, kuphonya powonkhetsa kapena kudumpha tsamba kumachitika, ngakhale pali ena omwe ntchito yawo ndi kuwonkhetsanso pambuyo pathu. Koma musanapemphe, khalani pansi ndi mphunzitsi wa phunzirolo muone zomwe mwana ankapeza pa mayeso oyeserera. Ngati ankapeza magiredi apamwamba nthawi zonse n'kudzagwa mwadzidzidzi pa phunziro limodzi lokha, pempho lili ndi maziko. Ngati ankayenda cham'malire, mufunse kaye malamulo a bungwe lanu, chifukwa m'mabungwe ena pepala likachongedwanso giredi imatha kukwera, kukhala pomwepo, kapena kutsika.